A Makwinja abwerera ku Wimbe

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani za kuno kumudzi.

Masana ano ndabwera chimanjamanja kuchokera pamzere wa feteleza wa makuponi, ndipo ndapeza munthu atakhala m'chigafa chakale chija. Ndi a Makwinja, tenanti wa malemu bambo, aja tinawakweza basi ya kwawo ku Phalombe titasiya kulima fodya. Akalamba zedi. Manja awo akungoyenda ngati akusoka fodya, koma m'chigafamo mulibe ngakhale tsamba limodzi.

Ndawafunsa kuti, "Mwabwera ndi ndani, madala?" Akuti, "Ndekha. Kuja ana amanditchula mlendo wa ku Kasungu. Abwana andiuza kuti ndibwere, malo alipo."

Abale, abwana akunenawo ndi malemu bambo. A Makwinja pamaliro awo panalibe, ndipo palibe anawatumizira uthenga.

Kenako ndaona tsache pambali pawo. Akuti alowa kumanda okha, popanda zovuta, osapempha aliyense. Amalume atapita kukaona, apeza pamalo posesedwa bwinobwino, potalika ngati munthu, kumapazi kwa bambo. Mukudziwa kuti chiliza sitinamange, palibe dzina, enafe timasokoneza mitumbira ija. A Makwinja sanaphonye.

Pano ali pakhonde, chakudya akana, akungoyang'ana njira ya kumanda.

Amayi akuti asachoke, ndi wathu ameneyu, anafe tonse anatibereka kumbuyo. Amalume akuti obwera saikidwa pakati pa eni mudzi, mawa akwere basi.

Inu mukuti bwanji? Ngati mukuti apite, mubwere mudzawakweze nokha. Ine ndinanyamula katundu wawo ulendo woyamba uja, kachiwiri sindingathe.