Mkulu Amene Anamana Mnzake Mapiritsi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Mtakataka kuli mkulu wina wosadziwa kumana. Khasu lawo, nkhwangwa, mbewu ya mpunga, zimayenda m'mudzi ngati zopanda mwini. Chiwapezereni khansa ya pulositeti, ija imavutitsa abambo pokodza, ali m'kafukufuku wa mankhwala atsopano amene zipatala za m'mayiko angapo zikuchitira limodzi. M'mawa uliwonse amakhala pansi pa bwemba, piritsi lili m'manja, maso akutsata mitambo yopanda mvula.

"Anzanga akutali akumezanso pompano," amatero. "Sitidziwana, koma tikulima munda umodzi."

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera a Bizeki, mnzawo wa paubwana, akuyenda chowerama.

"Achimwene, mkodzo ukundivuta. Ndigawireniko mapiritsi awiri okha."

Mkuluyo anayang'ana botolo la mapiritsiwo nthawi yaitali.

"Awa ayi. Madokotala akufuna kudziwa zimene akuchita m'thupi langa. Ndikakupatsani ndiye kuti ndawanamiza, mwinanso ndakupwetekani."

"Inuyo? Kundimana ine?"

 Mkuluyo analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete, akukankha njinga.

"Kwerani, akakupimeni. Kuchipatala n'kutali, koma wopalasa ndine."