Injini Inali ya Mtedza Wanga

Galimoto ya amuna anga inafa iwo asanafe. Inali pikapu yoyera ya petulo, yakale kuposa mwana wathu woyamba, ndipo tsiku lina tikuchokera ku Santhe inangolira kuti kho-kho-kho n'kuzima. Injini inali itanoka. Tinaikokera kunyumba, kufupi ndi Chulu, n'kuikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Bambo a kunyumbawo ankati akagulitsa fodya aikonza. Fodya anagulitsidwa, zonse zinathera kuchipatala, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda.

Tsiku logawa katundu, amene ankaloza anali alamu anga, akulu awo a malemuwo. Ng'ombe, ngolo, jeke yodindira mabelo, njinga, ngakhale jekete la kutchalitchi, zonse zinalowera kwawo. Atafika pa galimoto anasuzumira, n'kupeza nkhuku ikufungatira mazira pampando.

"Ichi chikhale, alamu," anatero. "Nkhuku zanu zisasowe khola."

Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero sindikuonapo choseketsa.

Zinali zaka za makuponi. Feteleza wotchipa ankafika kudepoti mvula itayamba kale, ndipo ukavutika pamzere n'kupeza matumba ako, vuto lina linali lowafikitsa kumudzi asananyowe. Ine ndinkachita kukagwada kwa alamu, kupempha ngolo yanga yomwe. Ankayamba andifunsa za moyo wa ana, kenako n'kunena kuti ng'ombe zatopa. Ndinkabwerera ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Ndiye ndinalimbikira mtedza, osagula ngakhale chitenje, mpaka ndinamva za kalole ka mabelo kamene kanagubuduzika cha ku Santhe. Thupi linaphwanyika koma injini ya dizilo inatsala bwinobwino, ndipo ndinaigula ndi ndalama za mtedzawo. Ndinapita ku boma kwa amakaniko ena, bambo adazi osachedwa kupsa mtima, n'kuwauza zimene ndinkafuna.

"Mayi, injini ya lole m'kapikapu? Mukufuna kuuluka?"

"Ndikufuna kudutsa dambo la kwathu mvula ikugwa."

"Siilowa."

"Ilowetseni."

Anabwera ndi tcheni ndi jenereta yowotcherera, n'kumangirira tcheniyo kunthambi ya mango. Injini yakale inatuluka mosavuta. Yatsopanoyi ndiye inawatulutsa thukuta. Anadula zitsulo zimene yakale inkakhalira n'kuwotcherera zina. Giyabokosi inabwera ndi injini yake, choncho anaboola pansi pafupi ndi mpando, shafuti n'kukaifupikitsa ku boma. Rediyeta anasintha. Kutsogolo kunagwada chifukwa cha kulemera, mpaka anapalimbitsa ndi masipuling'i ena. Boneti inakana kutseka, iwo n'kuidula pakati, kuikapo chitsulo chotukuka ngati linunda la ng'ombe. Tsiku lililonse ankalumbira kuti mawa sabweranso, ndipo m'mawa mwake ankabwera.

Chinthu chimodzi ndinawakaniza. Mpando wa dalaivala unali wong'ambika, wolowa pakati pomwe amuna anga ankakhala, ndipo amakaniko ankafuna aikepo wa m'kalole muja. Ndinati asaukhudze. Pophunzira kuyendetsa ndinkakhala m'dzenje lomwelo, nditatsamira pilo kuti mapazi afike.

Tsiku loyamba kulowa nayo mu boma, anyamata a kabaza anayamba ndi kuseka linunda lija. Nditaponda moto pang'ono, kuseka kunatha, aliyense anakokera njinga yake kumbali. Inkabangula, inkanjenjemera mpaka mano kugundana, ndipo buleki ndinkayamba kuiganizira ndikadali kutali. Koma inkakoka! Nyengo ya makuponi itafika ndinkanyamula feteleza wa mudzi wathu ndi midzi yoyandikana, nditafunditsa lona, n'kudutsa dambo lija matope akuuluka mbali zonse. Tsiku lina ndinapeza ngolo ya alamu itatitimira pomwepo. Ndinaimitsa, ndinawakoka. Kukoma kwake ndikukumvabe.

Sipanapite nthawi, alamu anatulukira ndi ankhoswe.

"Alamu, tabwera kudzatenga galimoto ya mng'ono wanga. Paja tinangokusungitsani."

"Si munati ndi khola la nkhuku?"

"Nthabwala za pamaliro musamazisunge, alamu."

Ankhoswe anazolika, n'kumayankhulira pansi kuti katundu wa malemu ndi wa kwawo kwa malemu. Anzanga a kumvano anati ndipite kukhoti, ndipo mwina ndikanawina. Koma ndinali nditatopa nako kupempha zinthu zanga zomwe. Ndinawauza kuti abwere Loweruka.

Amakaniko nditawafotokozera anagwira dazi lawo. "Mayi, ntchito yonse ija?"

"Munailowetsa ndinu. Itulutseni."

Lachisanu tcheni inabwerera kunthambi ya mango. Anatsitsa injini yanga n'kuikhazika pa zipika za bulugamu, ataimanga ndi mabawuti, rediyeta ndi batire zili pambali, paipi ya dizilo italowa m'chigubu. Injini yakale ija, yadzimbiri, tinaikweza kumbuyo kwa pikapu. Ndinatsuka galimoto yonse, matayala ndinapopa. Ndinene zoona, mumtima ndinkayembekeza kuti alamu akaona chigoba achita manyazi n'kuchisiya, monga anachisiyira poyamba. Lolemba tikanabwezeramo injini.

Loweruka anafika atavala jekete la amuna anga, abale awo ali pambuyo, anthu a m'mudzi atadzaza m'mbali mwa msewu. Ndinawapatsa kiyi ndi manja awiri, nditanyonyomala, monga mkamwana wolangidwa bwino. Anakhala pampando, n'kupotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Atatsegula boneti anaona udzu wa pansi.

"Mwaba injini!"

"Ya mng'ono wanu ili kumbuyoko, alamu, sindinachotseko ngakhale bawuti. Iyo ili apoyo ndi ya mtedza wanga."

Amakaniko, amene anali atakhala pa chitsa, anawonjezera kuti yakaleyo ngakhale ataikonza siingakhalenso m'menemo, poti zokhalira zake zinadulidwa kalekale. Wina anaseka kumsewu, kenako onse. Alamu anandiyang'ana, ndipo ine ndinawayang'ananso osaphethira. Ndinkadikira kuti aponye kiyi pansi azipita.

Sanaponye. Anatuma munthu kuti akatenge ng'ombe.

Zinabwera ng'ombe zathu zomwe zija, zimene amuna anga anaziphunzitsa goli. Anamanga tcheni kubampala, alamu n'kukhalanso pampando kuti aziwongolera. Anakhazikika bwinobwino m'dzenje lija. Apo ndiye mtima wanga unasweka. Injini ndinaipulumutsa, koma mpando sindinauganizire, ndipo kuupempha pamaso pa anthu onsewo sindikanatha. Ndikanalolera kufa.

Ng'ombe zinakoka, galimoto n'kuyamba kuyenda mwakachetechete, linunda lake lili patsogolo. Ndinamva chinthu chikukwera kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti chikatuluka mudzi wonse umva, alamu nawonso amva.

"Bambo," ndinawauza amakaniko, "ilizeni."

Anagunditsa mawaya, injini n'kudzuka pa zipika paja. Ndinagwira ndekha kawaya ka moto n'kukoka mpaka kumapeto. Utsi wakuda unakwera m'masamba a mango, nkhuku zinabalalika, ng'ombe zinadzidzimuka n'kuyamba kuthamanga, alamu akulimbana ndi chiwongolero. Anthu ankakuwa, ena akuomba m'manja, poganiza kuti ndikuwaseka alamuwo.

Patapita miyezi ingapo injiniyo tinaiika m'chigoba china, ndipo inanyamula feteleza zaka zambiri. Chigoba cha amuna anga chinaolera kuseri kwa chigafa cha alamu. Koma tsiku limenelo sindinasiye kawayako mpaka galimoto itakhota pa msewu wa ku Chulu. Ndinalira mokweza, kukamwa kuli yasa, kuposa mmene ndinalirira pamaliro, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandimva.