Tsiku Limene Malume Anandikuwitsa Pakhomo

Chitini cha palafini chija ndimachionabe: chophwanyika mbali imodzi, chingwe chake cha mlaza. Ndinkaingitsira mpheta kumpunga kwa amayi, kudambo la kufupi ndi Kachulu. Ndikachimenya n'kukuwa, mbalame zinkadzuka mpaka minda ya eni. Mawu angawa si a lero ayi, funsani aliyense kwa Mwambo kuno!

Nkhondo ya azungu inali itatha, koma amuna awo a amayi aang'ono anali asanabwereko ku usilikali. Nsomba zinkafika pakhomo pawo, ndipo sizinali zaulere. Chaka chimenecho anaima. Mpunga ukucha matenda anayamba, mwana osatuluka. Azamba anati njira ndi imodzi: atchule mwini mimba, mwana aone potulukira.

Machila opitira kuchipatala anali okonzeka, nsungwi ziwiri ndi ukonde wakale. Bambo, malume, aphunzitsi ndi amuna ena anakhala pansi pa mango, akusoka maukonde osang'ambika. "Ayambe watchula," ankatero.

Dzuwa lili paliwombo, amayi aang'ono anayamba kulankhula m'nyumbamo. Dzina loyamba linamveka mpaka panja. Malume anadzambatuka n'kundikokera pakhomo. "Iwe wa pakhosi pa ng'ombe, mpheta zatera padenga. Menya!"

Padengapo panalibe mpheta. Ndinamenya, ndinakuwa mpaka kukhosi kulawa magazi. Amayi anga anatuluka, anandiyang'ana, anabwerera m'kati. Nditatopa, m'nyumba munali zii. Anapita onse awiri, mayi ndi mwana. Malume anandipatsa mlamba wowamba wathunthu, ndinadya ndekha.

Adzukulu anga akusukulu amati masiku ano akazi ali ndi ufulu. Kaya! Ine ndaika maliro ambiri, koma sindinaonepo mwamuna ali gone pamphasa akufunsidwa maina. Azamba aja anamva zonse, n'kupita nazo kumanda. Iwonso anali ndi ana aamuna. Ndipo mpaka lero palibe mwana m'mudzi muno amene anapatsidwa dzina la amayi aang'ono.

Msilikali uja anafika m'chilimwe, anthu anamuuza kuti mkazi wake anapita ndi malungo. Amuna onse anamulandira, uyu nkhuku, uyu mono wa nsomba, aphunzitsi malaya awo a kutchalitchi. Bambo anapereka nkhafi yatsopano yopalasira bwato. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo kuti kwathu kuli anthu opatsa. Chinkandizunguza n'chimodzi chokha: aliyense popereka ankayang'ana nsapato za msilikaliyo, osati nkhope yake.