Kadzutsa wa a Mleme

Ku bekale onse ankawatchula kuti a Mleme, ndipo iwo sankakwiya nazo. Anakulira pa uvuni wa usiku. Dzuwa likamalowa ndiye ankadzuka, kusukusula, n'kukhalira tiyi ndi mabanzi otsala, uku akufunsa mwana wawo wamkazi amene wangoweruka kuti, "Wadzuka bwanji?" Kukamacha ankabwera ali mbuu ndi fulawa, n'kupachika bulangete pazenera, n'kugona. Dzuwa ankangolimvera kwa anzawo.

Atapezeka ndi matenda a shuga, anakhala wodwala womvera kwambiri. Nesi akafunsa ngati amadya kadzutsa, ankati eya. Nkhomaliro? Eya, osaphonya. Kugona? Bwinobwino. Sankanama ayi. Kwa iwo kadzutsa ndi chakudya chimene munthu wadzuka nacho, kaya kunja kukuda. Nesiyo ankangodabwa kuti shuga sakutsika, mpaka diso lamanja linayamba kuchita chifunga.

Ulendo wotsatira mwana wawo anawaperekeza, ali ndi pakati potopa. Atamva mayankho a bambo ake anaomba m'manja.

"Ababa, kadzutsa wake uti? Wamadzulo uja? Anesi, awa nkhomaliro amadya anthu tili mtulo!"

Nesi anaika cholembera pansi. Anawafotokozera kuti thupi lili ndi wotchi yakeyake, ndipo imayendera kuwala kolowa m'maso. Masana limagwiritsa ntchito bwino chakudya, koma usiku limafuna kupuma, ndiye shuga amachedwa kutsika m'magazi. Sanawabisire: diso lamanja mwina lapita, koma lamanzere likhoza kupulumuka ngati apitiriza mankhwala ndi kubwerera ku moyo wa masana.

A Mleme anachita mantha, ndipo manthawo anawalimbitsa mtima. Anapita kwa kapitawo kukapempha ntchito ya masana. Malo analipo amodzi okha, olongedza buledi m'mapepala, ntchito ya anthu ongoyamba kumene. Katswiri wodziwa kupsa kwa buledi ndi fungo lokha anaima pa tebulo n'kumamanga timfundo. Anzawo sanawasiye. "Taonani mleme wasochera masana! Mvula igwa lero." Iwo ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawa.

Thupi nalo linachita makani. Usiku maso anali gwa, mimba ikulira kufuna mabanzi. Masana ankasinza chiimire. Bulangete lija analichotsa pazenera, koma dzanja linkalifunabe.

M'masiku amenewo mdzukulu anabadwa, kamnyamata, nako kosadziwa kusiyanitsa usana ndi usiku. Masana tulo tofa nato, usiku kulira ngati kalipidwa. Kusikelo anauza mayi ake kuti khanda limabadwa wotchi yake isanakhazikike, limaphunzira pang'onopang'ono: m'mawa lizionako kuwala, madzulo magetsi azichepa.

"Ndiye kuti m'nyumba muno ndili ndi makanda awiri," anatero mwana wawo. "Wina wadazi chifukwa tsitsi silinamere, wina chifukwa linatha."

Kuyambira pamenepo, kukangoyera, a Mleme ankanyamula mdzukuluyo n'kukakhala naye pakhonde asanapite kuntchito. "Mnzanga, ichi ndiye chimatchedwa m'mawa," ankamuuza. "Nanenso ndine mlendo kuno, usandifunse zambiri." Madzulo ankadya msanga, kuzimitsa wailesi yakanema, n'kugona chagada kudikira tulo ngati munthu wodikira basi. Mdzukulu ndiye anayamba kukhoza. Agogo ake anatsatira mochedwa, koma anatsatira, ndipo shuga anayamba kutsika.

Kenaka kapitawo anawaitana. Buledi wa usiku ankatuluka wina wopserera, wina wosapsa m'kati, ndipo ogula anali atayamba kudandaula.

"Achimwene, bwererani pa uvuni wanu. Palibe akuutha."

A Mleme anayang'ana uvuniwo nthawi yaitali. Ankaukonda, ndipo kumva kuti palibe akuutha kunawakomera kuposa mmene ankafunira. Komabe anapukusa mutu.

"Anthu a usikuwo muwatumize masana ndiwaphunzitse. Usiku ayi, bwana. Diso latsala limodzi."

Kapitawo anang'ung'udza, a Mleme anabwerera kukamanga timfundo tawo.

M'mawa mwake ali pakhonde, anatseka diso lamanzere ndi chikhato. Khandalo linasanduka chinthu chotuwa, chopanda nkhope. Chisoni chinawagwira, chifukwa anadziwa kuti diso lamanjalo silidzabweranso. Anasuntha chikhato n'kutseka lamanja. Mdzukulu uja anali akuwayang'anitsitsa, akuyesa kuti agogo akusewera naye, ndipo anaseka ndi nkhama zokhazokha. M'munsi munali kadzino koyera kakungotuluka, kakang'ono ngati kambewu ka mpunga.

A Mleme anakuwira mwana wawo m'nyumba kuti, "Iwe, tabwera! Lamera! Ndaliona ndine!"