Chala cha Anganga pa Khosi la Mtsuko

Ine sindikonda misonkhano. Koma amalume atamwalira, umwini mbumba unagwera ine, ndipo mwini mbumba sathawa nkhani.

Mbumba yathu ili pawiri. Anganga anabereka ana aakazi awiri. Amayi anga anatsala ku Mauwa, ndipo ife ndife Akatolika. Amayi aang'ono anatengedwa chitengwa ndi mwamuna wachiyao ku Mbulumbuzi, ana awo ndi Asilamu. Kale tinkayenderana. Pa maliro a amayi aang'onowo tinakangana za kaikidwe, ndipo kuyambira pamenepo njira inamera udzu. Moni tinkapatsana pamsika basi.

Chaka china muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Joni komwe amagwira ntchito pa hotela. Anati akufuna mbumba yonse ikumane tikakolola, tikalambule manda a anganga, tonse titavala nsalu imodzi yokhala ndi chizindikiro cha banja lathu. Anandionetsa pafoni zishango zopachika pa khoma la hotelayo. Anati kalekale ku Ulaya ankhondo ankavala zitsulo mpaka kumaso, ndiye munthu ankadziwika ndi chojambula cha pa chishango chake. Wina mkango, wina mbalame, wina nsanja. Chojambulacho chinkachoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo mpaka lero adzukulu amalondola nacho makolo awo.

Ndinamuuza kuti ife mkango sitinawetepo. Anaseka, koma anajambulabe chishango, mkango pakati, phiri la Chiradzulu kumbuyo, mtanda pamwamba. Anatumiza pafoni ku Mbulumbuzi.

Kumeneko mawu ali ndi achemwali aakulu, mwana woyamba wa amayi aang'ono. Amagulitsa nandolo pamsika ndipo saopa munthu. Anayankha kuti mtanda savala, tisavutike kuwaitana.

Muphwa wanga sanagonje. Anati azungu aja, mabanja awiri akakwatirana, amagawa chishango pakati, uku chizindikiro cha mwamuna, uku cha mkazi. Ndiye anaika mtanda mbali imodzi, mwezi ndi nyenyezi mbali ina. Apa zinaipiratu. A ku Mbulumbuzi anati mtanda ukadalipo. Mlongo wanga, mayi ake a muphwa wangayo, amene amayimba kwaya ku mishoni, anati mwezi sangaumange m'chiuno. Kenako ananditembenukira.

"Achimwene, mbumba ikuthera m'manja mwanu, inu mwangoti duu ngati chitsa."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandiwawa.

Tsiku lina ndikufolera khitchini ya mlongo wangayo, ndinatsika kukamwa madzi. Madzi ake amasunga mu mtsuko wakale umene ndamwamo kuyambira ndili mwana. Anauumba ndi anganga, amene anali woumba mbiya. Mtsuko uliwonse usanaume ankatenga khoko louma la nandolo n'kudinda nalo mopendeketsa kuzungulira khosi lonse, kenako n'kusindikiza chala chachikulu pansi pa mlomo. Amayi ankati pamsika wa Namitambo anthu ankazindikira mbiya zawo ali patali. Ankatinso mwana wamkazi aliyense anapatsidwa wake polowa banja.

Ndinaitana muphwa wanga, ndinamufunsa ngati chizindikiro chija chimayenda ndi bambo basi. Anati ku Ulayako nthawi zambiri n'choncho.

"Kuno bambo ndi mkamwini," ndinatero. "Mtundu umayenda ndi mayi. Taona apa."

Anagwada, nayang'ana khosi la mtsukowo nthawi yaitali. Anafuna kujambula pafoni kuti atumize. Ndinakana. Foni inali itawononga kale zambiri.

M'mawa mwake ndinakhuthula madzi, ndinakuta mtsukowo ndi masamba ouma a nthochi, n'kuumanga ndi mphira pa kaliyala ya njinga. Mlongo wanga anati ukasweka ndisabwerenso. Pamtsetse ndinkatsika, pamiyala ndinkakankha. Pa golosale ina anthu osewera bawo anandikuwiza.

"Madala, akupitikitsani ukwati? Zaka zonsezi mwangotuluka ndi mtsuko?"

Ndinangodutsa.

Ku Mbulumbuzi ndinapeza achemwali akupeta nandolo pakhonde. Moni anandipatsa wouma, mphasa sanayale. Sindinanene za nsalu. Ndinamasula mphira, ndinachotsa masamba, ndinaika mtsuko patsogolo pawo.

Anasiya lichero. Anayendetsa dzanja pa mizere ija, kenako anaika chala chawo m'kadzenje ka pansi pa mlomo. Sichinakwanemo. Anadzuka, analowa m'nyumba, natuluka atanyamula wawo. Unali ndi mng'alu, amasungiramo mbewu. Anauika pambali pa wathu. Mizere yomweyo, chala chomwecho.

"Anganga anali ndi kadzanja kakang'ono, koma akakutsina khutu unkamva," anatero.

Ndinati ndikukumbukira.

"Nanga mkango uja unali wa ndani, achimwene?"

"Kaya. Mwina wa eni hotela."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Anayala mphasa, anatereka tiyi. Za maliro aja sitinazikumbe. Anangoti ngati pa nsalu padzakhale ichi, iwo adzabwera ndi ana awo onse, ndipo mbuzi adzazinga amuna awo kuti aliyense adye mopanda nkhawa.

Mtsuko ndinabwerera nawo wathunthu.

Chishango muphwa wanga anachisiya momwemo, chifukwa anachikonda, ndipo sindinamuletse. Anachotsamo mkango, mtanda ndi mwezi. Pakati anaika mtsuko wofiira ngati dothi lootcha, mizere ya khoko la nandolo pakhosi, kadzenje ka chala pansi pa mlomo. Anati mwa zishango zonse za pa hotela paja palibe chokhala ndi chala cha mwini wake weniweni. Nsalu anakadinditsa ku Limbe.

Pa tsikulo lole ya ku Mbulumbuzi inafika dzuwa lisanawawe. Azimayi akumeneko anatsika atavala nsaluyo, ena ataimanganso kumutu. Athu anawalandira atavala yomweyo, ndipo patali sukanadziwa wa kwaya ndi wa ku mzikiti. Kumanda makasu anagwira ntchito limodzi. Popemphera aliyense anaima mbali yake, palibe anasokoneza mnzake. Pobwerera achemwali ndi mlongo wanga ankatsutsana kuti anganga ankakonda mdzukulu uti, ndipo onse awiri ankanama.

Mlongo wanga sanandiyamike. Anangonditumizira chiwindi cha mbuzi m'mbale yapadera, ndipo ndinamva.

Nsalu yanga ndinapatsa telala, anandisokera shati. Ndimavala popita kumsika. Ena amandifunsa kuti n'chipani chanji chimenechi. Ndimati cha anganga, ndipo ndimapitiriza ulendo wanga.