Bokosi pa Lole Yanga ya Mawaya

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene bambo anga anagonekedwa m'chipatala ku Lisungwi, ndipo m'mudzi mwathu monse mtsikana wodziwa kupanga galimoto za mawaya ndinali ndekha. Anyamata ankandiseka, ati Nelesi adzakwatiwa ndi pulayala. Koma omwewo chiwongolero chikawathyokera ankabwera kwa ine mutu uli pansi, ine n'kuyamba ndawadikiritsa kaye kuti adziwe mwini luso.

Anandiphunzitsa ndi bambo. Iwo anali mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, ndipo zidutswa za waya uja amamupindira m'milomo ya ndowa zinali zanga. Anali ndi lamulo limodzi lokha. "Usamapange galimoto ya m'mutu mwako," ankatero, "ya m'mutu imatuluka ngati khola la nkhuku. Uziyamba waiona, uiyang'ane mpaka uidziwe, kenako ugwire waya." Kwathu kumapiri kuja galimoto zinali zosowa, msewu wake wa miyala ndi matope, choncho ikangofika imodzi bambo ankasiya nyundo, tonse n'kutsika kukaizungulira. Ankanyonyomala n'kumandilozera masipuling'i, thanki ya mafuta, ndi pamene amakoleka tayala lapadera. Madalaivala ena ankatiyang'ana ngati akuba.

Chifuwa chinawayamba nthawi yokolola. Anatsokomola chilimwe chonse, nyundo ikumveka pang'ono pang'ono mpaka inaleka. Mvula itayamba anawatengera kuchipatala, amayi n'kupita nawo kukawadikirira. Ine ndinatsala ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene ankakhalira kumunda tsiku lonse.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, lole yochokera ku Blantyre inatitimira m'matope pakamtsinje ka kumunsi kwa nyumba yathu. Inanyamula maliro opita kumudzi wa kumtunda. Amuna anatsika, ena akukankha, ena akuponya miyala kunsi kwa matayala, dalaivala akukalipira aliyense. Anavutika pamenepo nthawi yaitali, ndipo ine, mwana wa bambo anga, ndinaima pachulu n'kuiyang'ana mpaka kuidziwa. Matayala akumbuyo anali awiriawiri. Kanyumba ka dalaivala kanali kabuluu, galasi la mbali imodzi lomanga ndi chingwe. Kutsogolo ndi kumbuyo anamangirira nthambi za masamba aawisi, monga amachitira ndi galimoto ya maliro. Pamwamba panali bokosi lofiirira, amayi ovala mipango yoyera atalizungulira. Mumtima ndinangoti, imeneyi ndiye bambo akadzaiona adzavomera kuti ndakula.

Ndinaipanga masiku anayi, ndipo ndinene mosabisa, sindinapangepo ina yokongola choncho. Matayala ndinadula ku patapata wakutha, akumbuyo awiriawiri. Mfundo zonse ndinakulunga ndi malegeni. Kanyumba ndinadula ku chitini cha mafuta ophikira, chitseko chake chotseguka, ndipo masipuling'i ndinawapinda bwino moti ikaponda mwala inkanyanyuka ngati yeniyeni. Masamba a mango anali aakulu kwambiri pa lole yaing'ono choncho, ndiye ndinakathyola a bwemba. Bokosi ndinapanga ndi kabokosi ka machesi, n'kukapaka polishi wofiirira. Amayi aja ndinawaumba ndi dongo, aliyense ndi kansanza koyera kumutu. Sindinasiye kanthu. Lamulo linali loti upange chimene waona.

Tsiku lachisanu ndinaiyendetsa. Ndinayambira pakamtsinje pomwe paja, n'kukwera nayo kanjira kathu, ndikuimba chapansipansi nyimbo imene amayi aja ankaimba. Ndinadutsa pankhokwe, n'kuzungulira mtengo wa nachesi. Ndipo poti galimoto iyenera kukhala ndi kofikira, ndinakaimika pakhomo pa nyumba ya bambo, n'kutsitsa kabokosi kaja, n'kukaika pakhonde, pamalo pomwe iwo ankakhala pokhoma ndowa.

"Mayo ine! Malodza anji awa?"

Anali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ochokera ku Midzemba. Anadzera kwathu paulendo wokaona wodwala, ndipo sindikudziwa kuti anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Dengu linali pansi, mbatata zili mbwee pabwalo. Ndisanapereke n'komwe moni, khofi linandipeza patsaya. Lole anaiponda ndi phazi, kabokosi anakatola ndi nsonga za zala n'kukaponya m'chimbudzi. Pobwerera anadzaima patsogolo panga.

"Bambo ako ali gone kuchipatala, iwe ukuwatulira bokosi pakhomo? Wakutuma ndani?"

Ndinayesa kunena kuti ndinangoiona pamtsinje, koma sanandipatse mpata.

"Tamvera," anatero atandiloza chala pamphuno. "Achimwene anga akamwalira, udziwe kuti ndiwe."

Anatola mbatata zawo n'kumapita. Amayi aakulu atabwera kuchokera kumunda sindinawauze, ndipo lole yophwanyikayo ndinakaibisa m'nthochi.

Abale inu, mantha amene ndinaona sabata imeneyo sindinawaonenso, ngakhale pobereka mwana wanga woyamba. Mwana wa zaka khumi satsutsa munthu wamkulu. Azakhali anati ndine, basi ndinali ine. Ndikamva injini kutali, ndinkangodikira kuona masamba kutsogolo kwake. Mayi wina akaitana mwana wake mokweza kutsidya, ine ndinkamva ngati mfuu wa maliro wayamba. Kusukulu aphunzitsi akatuluka kukalankhula ndi munthu pakhomo, ndinkadziwiratu kuti abwera kudzanditenga. Chakudya ndinkachisiya m'mbale. Amayi aakulu anandigwira pamphumi, n'kunena kuti mwina ndi malungo.

Ndinayesa kukonza mlanduwo mwa nzeru zanga. M'mawa wina ndinatulutsa lole ija m'nthochi, n'kuiika pakhomo pa bambo, n'kuyamba kuikoka chobwerera m'mbuyo: kuzungulira nachesi, kudutsa pankhokwe, kutsika kanjira mpaka pamtsinje. Ndinkaganiza kuti ndikabweza ulendo wonse, imfa nayo ibwerera kumene inachokera. Tayala limodzi linali lopindika, linkangokwekwereza pansi. Ndinabwereza katatu. Madzulo a tsiku lomwelo munthu wina wochokera kumsika anabwera ndi uthenga wa amayi, woti bambo matenda akula, asiya kudya.

Loweruka m'mawa ndinakulunga lole ija m'chitenje, n'kutsatira amayi a m'mudzi opita kukagulitsa masamba ku Lisungwi. Ndinawanamiza kuti andituma. Ulendo wake ndi wotsetsereka, wa maola atatu, ndipo njira yonse ndinkangopempha chinthu chimodzi, kuti bambo ndikawapeze akupuma. Chimene ndikachite ndikawapeza sindinkachidziwa bwino. Ndinkangofuna adziwe amene wawachita zimenezi, andimenye ngati n'kundimenya.

Ana sankaloledwa kulowa mu wodi ya odwala chifuwa, koma mwayi wake ndinawapeza panja. Amayi anawayalira mphasa pansi pa mtengo kuti aothere dzuwa. Ndinawadutsa osawazindikira. Malaya amene ankawathina m'mapewa anali lendelende, khosi latsala ngati la nkhuku yososola. Anandiitana ndi iwo.

"Nelesi. Wabwera ndi ndani?"

Ndinagwada poteropo, kulira n'kuyamba. Ndinanena zonse mosokoneza, za lole, za bokosi, za khonde, za azakhali. Amayi anagwira pakamwa. Azakhali anali atawauza kale, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti nawonso nkhaniyi inawasowetsa mtendere. Bambo anadikira mpaka nditamaliza.

"Ili kuti?" anafunsa.

Ndinamasula chitenje. Amayi anati, "Bambo a Nelesi, chinthu chimenecho pano ayi," koma iwo anangotambasula dzanja. Anaitembenuza uku ndi uku, kuiyang'ana kunsi, kutsegula kachitseko, kudina kumbuyo kuti aone masipuling'i. Masamba a bwemba aja anali atauma, ndipo mwa amayi adongo munatsala mmodzi yekha wopanda mutu.

"Akumbuyo awiriawiri," anatero. "Unaiona bwino."

Anayesa kuwongola waya wa tayala lopindika lija. Zala zimene zinkapinda mlomo wa ndowa ngati zikupinda udzu zinakanika kawaya kameneko. Anayesa kawiri, chifuwa n'kuwagwira, anatsokomola mpaka misozi. Pamenepo m'pamene ndinaopa koposa. Anandipatsa lole ija, n'kumandiuza pogwira ndi popinda, ine ndikuwongola, mamina ali chuchuchu.

"Tsopano tandiuza," anatero mpweya utabwerera. "Ndinayamba liti kutsokomola?"

"Pokolola."

"Lole iyi unapanga liti?"

"Sabata yatha."

"Nanga inandidwalitsa bwanji isanapangidwe? Waya ndagwira moyo wanga wonse, Nelesi, sindinaone waya woitana imfa. Azakhali ako ali ndi mantha. Tinabadwa asanu, tatsala awiri, iwo ndi ine, ndiye pakamwa pawathawa." Anapuma kaye. "Cholakwa chilipo, koma n'changa. Ndinakuphunzitsa kuyang'ana matayala, osakuuza kuti uziyang'ananso anthu amene akwera. Amayi aja pamwamba ankatani?"

"Ankaimba."

"Basi?"

Ndinaganiza. Ndinakumbukira mayi wina amene sankaimba nawo, anangogoneka mutu pabokosi, dzanja likusisita thabwa. Ndinamuona ndithu tsiku lija, koma ndinkawerenga matayala.

"Wina ankalira," ndinatero.

"Eya. N'chifukwa chake sitiseweretsa zimenezi. Zimapweteka amene akuona. Koma sizipha." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Mayi a Nelesi, mumve ndinu mboni. Kaya ndichira kaya sindichira, mwanayu alibe mlandu. Aliyense wonena zina mudzamuuze kuti ndinakana ndekha ndili moyo." Anandiyang'ananso ine. "Nena iwe. Nena kuti sindine."

Ndinanong'ona.

"Sindinamve. Makutu anatha ndi nyundo awa."

"Sindine!"

Odwala ena pamphasa zawo anacheuka. Bambo anaseka, kuseka kwake kothera m'chifuwa. Anachotsa masamba ouma aja mmodzimmodzi, n'kutenga nachesi pa zimene anthu anawabweretsera, n'kuika pamwamba pa lole. Anati imeneyi tsopano ndi ya malonda, ndipite nayo anzanga aulendo asanandisiye. Ndinaiyendetsa kuchoka pamphasa mpaka pageti, iwo akuyang'ana mmene ikunyanyukira pamiyala.

Anamwalira patatha milungu itatu.

Anabwera nawo pa lole. Ndinaimva ikubuula pachitunda, ndipo itatulukira ndinaona masamba aawisi kutsogolo, amayi a mipango yoyera pamwamba, bokosi pakati. Inakwera kanjira kathu, inadutsa pankhokwe, n'kuima pafupi ndi nachesi. Bokosi analitsitsira pakhomo pomwe paja. Zonse zinayenda monga ndinayendetsera ine, osaphonya. Mawu a azakhali anabwera onse m'makutu. Anthu ena amene anamva nkhani ija ankandiyang'ana cham'mbali. Ndinaluma mlomo n'kumanena chamumtima mawu amene bambo anandinenetsa, kubwereza, kubwereza. Amayi, m'kati mwa kulira kwawo konse, anandifunafuna ndi maso, n'kundikokera pamiyendo pawo anthu onse akuona.

Azakhali sanapepese, ndipo anakalamba mpaka kumwalira osaitchulanso nkhaniyi. Kwa zaka zambiri ndinkadana nawo, sindibisa. Pano ndapitirira msinkhu umene anali nawo tsiku lija, ndaikapo abale anga, ndipo ndikudziwa mmene mantha amasakira woti umuloze chala. Mwana ndiye amakhala pafupi, ndiponso sayankha. Sindiwaikira kumbuyo ayi. Mawu aja anali oti akanandidya moyo wonse, ndipo akanandidyadi ndikanachedwa milungu itatu yokha.

Chimene ndinachimvetsa mochedwa n'chakuti bambo ankadziwa kuti sachira. Munthu wolephera kupinda kawaya amadziwa. Ankadziwanso kuti kwathu kulibe njira ina yobweretsera maliro koma lole, ndi kuti ndidzaiona ikukwera kanjira kaja ndi masamba kutsogolo. N'chifukwa chake sanakhutire ndi kundiuza chabe, anafuna mboni, anafuna ndinene ndekha mokweza. Mpweya unali utawathera, koma wotsalawo anauthera pamenepo.

Lero ndimasoka zovala pa Lisungwi, ndipo ana a pamsika amadziwa kuti mayi wa makina uja amatha kuwongola chiwongolero. Amabwera nazo zamitundumitundu, maminibasi, mathiraki a makala, ena mpaka ambulansi. Ndimayang'ana matayala, inde, chizolowezi sichitha. Koma ndikamva munthu wamkulu akuuza mwana kuti chakuti chikachitika ndiwe, ndimaimitsa makina n'kutuluka, ngakhale mwanayo ndisakumudziwa. Amati ndine wolongolola, ndipo sindikana. Ine bambo anga ndinawalira ngati mwana wamasiye, osati ngati wowapha, chifukwa munthu wina analankhula nthawi isanathe.