Utsi wa Milamba ya Amayi

Amayi anga ankawamba milamba ku Liwonde, m'kanyumba kanjerwa kopanda windo kuseri kwa nyumba. Ankati utsi ukamathawa nsomba siifiira bwino. Koma chifuwa chawo chinafika pomalira ngati chitseko chakutha, ndipo ine ndinkaopa kuti tidzawataya. Ndikati tiboole khoma, ankangoti, "Iyayi, ndakulerani ndi utsi womwewu."

Amuna anga ndi mphunzitsi wa sayansi ku Balaka, munthu woti ngakhale mchere wa m'ndiwo amalakalaka atauyeza. Tsiku lina anabwereka kachipangizo koyezera mpweya woipa wa mu utsi, ati amayi akamva nambala agonja. Koma kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, nanji kupanikizana nawo m'kanyumba. Ndiye anadikira amayi apite kumsika, n'kulowa okha nkhuni zikufuka.

Vuto linali lakuti kachipangizoko kankawerenga mu ma ppm, kutanthauza magawo angati pa miliyoni, pomwe malire a mpweya woipawo amene amuna anga ankawadziwa anali a mamiligalamu pa kiyubiki mita. Wina aliyense akanatuluka n'kukawerengera pansi pa mango. Osati amuna anga. Ati kusintha ma ppm kukhala mamiligalamu kumadalira kulemera kwa mpweyawo ndi kutentha kwa malowo, choncho masamu achitikire momwemo. Anakhala panjerwa, kuchulukitsa, kugawa, chitseko chili chitsekere kuti mphepo isasokoneze.

Ndinawaitana ndili panja. "Ndatsala pang'ono, mayi a mwana," anatero.

Amayi pobwera anapeza mkamwini wawo akukwawa pakhomo pa kanyumbako, maso ali psuu, akusanza, bolopeni idakali m'manja. Mwambo unathera pomwepo. Anawagwira m'khwapa, kuwakokera pamthunzi, n'kumawakupiza ndi lichero.

Atatsitsimuka, mawu awo oyamba anali akuti, "Yapitirira malire." Ine ndinapsa mtima mpaka misozi. "Mpaka mufe kaye kuti mudziwe zimenezo?"

Amayi sanafunse n'komwe kuti nambalayo ndi ingati. Anayang'ana kanyumbako, kenako anayang'ana mkamwini wawo kumaso, koyamba chikwatirane chathu.

"Kwanu ndikanakanena chiyani ine, apongozi?" anawafunsa amayi.

Madzulo ake anabwereka hamala kwa aneba n'kugumula okha njerwa za m'mwamba. Chifuwa chawo chinalira zaka zonsezo khoma lili chilili. Analiboolera mwana wa eni ake.